Donald Kachamba, Mnyamata wa Chitoliro

Mukatchula dzina loti Kachamba pakati pa anthu achikulire m'dziko muno, kaya ndi ku Nsanje, ku Dowa ngakhalenso kuno ku Mzimba, ambiri amakumbukira munthu mmodzi yekha. Amakumbukira Daniel, katswiri wa gitala uja amene nyimbo zake zinkamveka kawirikawiri pa wailesi ya MBC, yemwenso anthu adamuveka dzina laulemu loti Dokotala. Ndi owerengeka okha amene amakumbukira kuti m'masiku oyambirira, pambali pa Danielyo pankaima kamnyamata kakang'ono, mng'ono wake, katalumira kachitoliro kachitsulo cham'mbali mwa kamwa, ndi kuti kamnyamatako ndiko kankaimitsa anthu pamsewu n'kuwaiwalitsa kumene amapita. Dzina lake lidali Donald. Adatchuka asanamere ndevu, ndipo chimene tifuna kuona m'nkhani ino ndi momwe adakhalira ndi kutchukako ubwana utamuthera.

Funso limeneli si lachabe ayi. Mwana akachita chinthu chimene timachiyembekezera kwa akulu okha, anthu amazizwa ndi zinthu ziwiri pa nthawi imodzi: luso lake ndi kuchepa kwa msinkhu wake. Tsoka lake n'lakuti anthuwo sasiyanitsa ziwirizi, ndipo mwanayo sadziwa kuti m'manja akumuombera chifukwa cha chiti. Pamene luso limakula ndi mwini wake, ubwana umatha. Ku America kudali mnyamata wina dzina lake Frankie Lymon, amene m'chaka cha 1956, ali ndi zaka 13, adagwedeza dziko lakwawo ndi la Britain ndi mawu ake aang'ono onzuna. Atatha msinkhu mawu aja adasintha monga achitira mnyamata aliyense, anthu adaleka kugula nyimbo zake, iye n'kulowerera m'mankhwala ozunguza bongo. Adamwalira m'chaka cha 1968 ali ndi zaka 25 zokha. Moyo wa Donald Kachamba udayenda njira ina, ndipo kuti tiumvetse tiyenera kuyamba tafotokoza za nyimbo zimene iye ankaimba, pakuti zidabadwira kutali ndi kwawo.

M'zaka za m'ma 1950, m'makomboni a anthu akuda ozungulira mzinda wa Johannesburg, kumene makolo athu ankangoti ku Joni, mudabuka mtundu wa nyimbo umene udadzatchedwa kwela. Eni ake adali anyamata a m'misewu. Anyamatawa ankaonera makanema a ku America momwe munkaoneka magulu akuluakulu a jazi okhala ndi malipenga onyezimira, ndipo ankalakalaka kuimba chimodzimodzi. Koma mwana wa m'komboni akadaitenga kuti ndalama yogulira lipenga? Chimene akadatha kugula chidali kachitoliro kachitsulo ka mabowo 6, kamene m'masitolo kankagulitsidwa ngati choseweretsa ana. Tsono zimene oimba a ku America ankachita ndi zipangizo zamtengo wapatali, anyamatawa adazisamutsira pa kachitoliro kameneka. Mmodzi ankatsogolera, anzake n'kumamuyankha ndi zitoliro zawo monga momwe malipenga amayankhirana m'gulu lalikulu. Wina ankaliza gitala, winanso n'kumakoka chingwe chimodzi chomangirira pa bokosi la tiyi kuti chitulutse mawu a besi.

Liwu loti kwela si lachilendo m'makutu mwathu. M'Chizulu limatanthauza chimodzimodzi ndi lathu lija loti kwera. Apolisi ankalikuwa pokankhira anthu m'galimoto zawo, mwakuti galimotozo zidatchedwa kwela-kwela, ndipo oimba nawonso ankalikuwa polimbikitsana nyimbo ikafika pokoma.

Nyimbo za anyamata osaukawa zidakwera ndithu. Spokes Mashiyane adasanduka dzina lodziwika m'nyumba iliyonse imene mudali galamafoni. M'chaka cha 1958 nyimbo yotchedwa Tom Hark, yoimbidwa ndi gulu la Elias Lerole, idafika pa nambala 2 pa mndandanda wa nyimbo zogulidwa kwambiri ku Britain. Lemmy Mabaso, mwana amene ankaliza chitoliro m'misewu ya Johannesburg, adakafika ku London m'chaka cha 1961 ndi sewero la King Kong. Komabe chuma chake chidapita kwina. Makampani ojambula nyimbo ankalipira oimba akuda kandalama kochepa kamodzi kokha, phindu lonse la mbale zogulitsidwa n'kukhala la kampani. Eni ake a Tom Hark adatsala m'komboni momwemo pamene nyimbo yawo inkavinidwa kutsidya kwa nyanja. Tiyenera kuikumbukira mfundo imeneyi, chifukwa nkhani ya yemwe amapindula ndi luso la mwana tidzakumana nayonso kutsogoloku.

Nanga nyimbozi zidafika bwanji kuno? Wophunzira wa ku Luwawa, ku Jenda kapena ku Embangweni sasowa womuuza, afunse agogo ake. Boma la Mzimba ndi limodzi mwa maboma amene adatumiza amuna ochuluka zedi ku migodi ndi ku mafamu a kummwera. Ena ankapita kudzera ku Wenela, ena ku Mthandizi, ena paokha pa ulendo umene unkatchedwa wa selefu. Amene sadabwerere ndiwo tidawatcha matchona. Amene ankabwerera ankafika ndi njinga, bulangete, suti, ndipo mwamuna wofuna kuti mudzi umudziwe ankafikanso ndi galamafoni yopukusa pamodzi ndi mbale zake. Wailesi nayo idathandiza. Kuyambira m'chaka cha 1949 kudabwera wailesi yotsika mtengo yooneka ngati sefuliya, ndipo nyumba youlutsira mawu ya ku Lusaka inkamveka mpaka ku Nyasaland, m'Chinyanja momwe. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chidakhalapo kuyambira 1953 mpaka 1963, makolo athu adachikana ndi mtima wonse, koma m'zaka zomwezo anthu, mbale za galamafoni ndi magule zinkadutsa malire usana ndi usiku.

Banja la a Kachamba lidali limodzi mwa mabanja ambirimbiri amene adatsata ntchito kummwera. Daniel adabadwa m'chaka cha 1947, ndipo Donald adabadwa zaka zingapo pambuyo pake, m'zaka za m'ma 1950. M'chaka cha 1957 banjali lidasamukira ku Salisbury, mzinda umene lero ndi Harare, womwe anthu a kuno ankautchula kale kuti Halale potengera dzina la komboni ya anthu akuda. Bambo wawo, a James Kachamba, nawonso ankaidziwa gitala, choncho anawo sadakulire m'nyumba yachete. Ku Halaleko ndiko adakumana ndi kwela ili pachimake, ikulira m'magalamafoni, m'mabwalo a mowa ndi m'ngodya za misewu. M'mera mpoyamba: Daniel adagwira gitala, Donald akadali wamng'ono kwambiri adagwira chitoliro. Pamene banjali linkabwerera ku Nyasaland m'chaka cha 1961, anyamatawa adabwera ndi katundu amene sadalipitsidwe msonkho pachipata chilichonse, popeza adali m'makutu ndi m'zala zawo.

Adakhazikika m'mudzi wa Singano, kufupi ndi bwalo la ndege la Chileka m'boma la Blantyre. Kumeneko adasonkhanitsa anyamata anzawo n'kupanga gulu limene lidadzadziwika kuti Kachamba Brothers Band. Zipangizo zawo zidali zosalira ndalama zambiri. Gitala ya Daniel inkakhala ndi nsambo 5, popeza imodzi ankaichotsa dala kuti zala ziziyenda monga nyimbo za kwela zifunira. Besi yawo idali babatoni, bokosi la chingwe chimodzi lija. Padalinso maseche osunga kayendedwe ka nyimbo. Pamwamba pa zonsezi pankauluka chitoliro cha Donald. Ankaimba sinjonjo, twist, lumba, ndipo pambuyo pake simanjemanje, m'misewu ya Blantyre ndi m'malo achisangalalo, anthu n'kumaponya makobiri, matiki ndi masheleni, pakuti kwacha ndi tambala zidadzabwera m'chaka cha 1971. Eni akewo nyimbo zawo ankazitcha jazi.

Pano tiyenera kuima pang'ono kuti tione chimene kamnyamataka kankachita, chifukwa wina angaganize kuti kuliza kachitoliro ka ana ndi masewera. Munthu wamba akatenga kachitoliro kotere amaika nsonga yake pakati pa milomo, molunjika kutsogolo, n'kuuzira. Mawu otuluka amakhala opyapyala ndi olasa m'khutu, ngati wenzulo ya woimbira mpira. Woimba kwela sachita choncho. Iye amalowetsa mutu wa chitolirocho m'kati mwa kamwa, mopingasa, kuloza kutsaya, mutu wake atapendeketsa, kotero kuti milomo imaphimba pang'ono kabowo kamene mpweya umatulukira. Akatero mawu amanenepa, amamveka patali, ndipo woimbayo amatha kuwapinda: kuwatsitsa pang'ono, kuwakweza pang'ono, kutsetsereka kuchoka pa liwu lina kupita pa lina popanda kudumpha, monga achitira munthu polira maliro kapena poseka. Zala nazo sizingotseka ndi kutsekula mabowo. Nthawi zina zimatseka theka lokha la bowo kuti patuluke liwu limene wopanga chitolirocho sadaliganizireko. Mwa njira imeneyi choseweretsa ana chimayankhula ngati sakisofoni. Luso la Donald pa zimenezi lidali lozama mwakuti patapita zaka akatswiri a maphunziro adamujambula ndi makina a X-ray akuliza chitoliro, kuti aone momwe chinkakhalira m'kamwa mwake.

Onaninso kusiyana kwake ndi Frankie Lymon uja. Chuma cha Lymon chidali pakhosi, ndipo khosi la mnyamata limasintha iye afune asafune. Chuma cha Donald chidali mu mpweya, m'zala ndi m'khutu, zinthu zimene zimakhwima munthu akamakula.

M'chaka cha 1967 anyamatawa adakumana ndi alendo awiri amene ankayendayenda m'dziko muno kujambula nyimbo ndi miyambo. Mmodzi adali Gerhard Kubik wa ku Vienna m'dziko la Austria, wofufuza za nyimbo za mu Africa, yemwe paunyamata wake adaimbapo jazi kwawoko. Mnzake adali Maurice Djenda wa ku Central African Republic. Kubik atamva gululi mu Blantyre adazindikira msanga kuti wapeza chinthu chosowa. Adawatsatira kumudzi kwawo, adajambula nyimbo zawo pa tepi, ndiponso adawajambula kanema. Nthawi imeneyo Donald adali asanakwanitse zaka 15. Zotsatira za kafukufukuyu zidatuluka m'buku lonena za gulu la a Kachamba, limene lidasindikizidwa m'Chingerezi m'chaka cha 1974 kudzera ku Yunivesite ya Zambia. N'zochititsa chidwi kuti anyamata oimba m'misewu, amene olemera a mu Blantyre ankawadutsa osacheuka, adalembedwa buku lathunthu pa nthawi imene oimba ambiri a m'mahotela sadalembedwe ngakhale tsamba limodzi.

Chimene chidadabwitsa Kubik n'chakuti kwawo kwa kwela, nyimboyi idali itazilala kale. Spokes Mashiyane mwini adayamba kuliza sakisofoni m'chaka cha 1958, ndipo anzake adamutsatira. Lemmy Mabaso atakula adachita chimodzimodzi. Magitala amagetsi atalowa, makampani a ku Johannesburg adatembenukira ku mbaqanga, kachitoliro n'kubwerera m'manja mwa ana. Koma ku Chileka, mtunda wautali kuchokera kumene idabadwira, kwela idali ikadali moyo, ndipo inkabala nyimbo zatsopano za m'Chichewa.

Ife a ku Mzimba chinthu chotere sitiyenera kuchidabwa, pakuti tili nacho pakhomo. Angoni a Zwangendaba adaoloka Zambezi m'chaka cha 1835 atasenza nyimbo ndi magule a kummwera. Lero amuna akavala zikopa ndi kunyamula zishango pa phiri la Hora, amaimba ingoma m'Chingoni, chiyankhulo chimene ambiri mwa iwo sachiyankhulanso kunyumba, popeza Chitumbuka chidatenga malo. Ku Embangweni, m'zaka zoyambirira za m'ma 1900, m'busa Donald Fraser ankalimbikitsa Akhristu kupeka nyimbo zachipembedzo pa maimbidwe a Chingoni, ndipo zina mwa nyimbozo zikuimbidwabe m'matchalitchi. Nyimbo ikasamuka, kawirikawiri amene amaisunga ndi a kutali, chifukwa eni ake amakhala atathamangira zatsopano. Ndiponso osungawo saisunga monga tisungira chimanga m'nkhokwe, kuti chituluke momwe chidalowera. Amaisunga monga tisungira mbewu, poibzala m'nthaka yawo, n'kumera mosiyanako. Ingoma ya ku Mzimba si ya ku Natal. Kwela ya ku Singano sidalinso ya ku Johannesburg. Ulendo woyamba nyimbo za kummwera zidabwera wapansi ndi mikondo, ulendo wachiwiri zidabwera m'sutukesi ya wobwerera ku migodi.

Tsopano tafika pa nyengo yoopsa m'moyo wa mwana aliyense wotchuka, pamene anthu aleka kunena kuti taonani kamwanako. Kwa Donald nyengoyi idafika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. M'chaka cha 1972 abale awiriwa adayamba maulendo a kunja ndipo adakafika mpaka ku Ulaya. Ku Göttingen m'dziko la Germany bungwe lojambula makanema a maphunziro lidajambula maimbidwe awo kuti asungidwe. Koma m'zaka zomwezi njira zawo zidayamba kupatukana. Daniel adakhazikika pa kuimba yekha ndi gitala, chala chachikulu chikuyendetsa besi, chamkombaphala chikuyendetsa nyimbo, mwakuti womvera pa wailesi ankayesa kuti akuimba anthu awiri kapena atatu. Njira imeneyi ndiyo idamupatsa dzina m'dziko muno. Donald akadatha kutsala ngati mthunzi wa mkulu wake, munthu amene anthu amamuloza kuti uyu ndi uja ankaliza chitoliro ali mwana. Sadatero.

Choyamba, adaphunzira chipangizo chilichonse cha m'gulu: gitala, babatoni, maseche, kuwonjezera pa chitoliro ndi mawu apakamwa. Chachiwiri, adaphunzira makina. Pogwiritsa ntchito makina ojambulira mawu a tepi, adapeza njira yoimbira gulu lonse ali yekha. Ankayamba wajambula chipangizo chimodzi. Kenaka ankaliza tepi ija, iye n'kumaimba chipangizo chachiwiri motsatana nayo, zonse ziwiri zikulowa pa tepi ina. Ankabwereza chomwecho mpaka gitala, besi, maseche, zitoliro ndi mawu zitakwanira. Amene adagwirapo tepi adziwa kuvuta kwa ntchito yotere. Ukaphonya kamodzi kokha uyenera kuyambiranso, ndipo kujambula kulikonse kumaonjezera kaphokoso pa zimene zidalowa kale, kotero woimba ayenera kudziwiratu chimene chiyambe ndi chimene chitsirize. Ayenera kuimva nyimbo yonse m'mutu isanakhalepo. Masiku ano mnyamata aliyense wokhala ndi kompyuta amachita zimenezi mosavuta, koma Donald ankazichita m'zaka za m'ma 1970, ndipo Kubik adalemba nkhani yapadera yofotokoza za luso limeneli. Apa mpamene mwana wodabwitsa uja adasandukira mmisiri.

Chachitatu, adakhala mtsogoleri wa gulu lakelake, Donald Kachamba's Kwela Band. M'gululi mudachitika chinthu chosaoneka kawirikawiri m'mbiri ya Azungu ofufuza za mu Africa. Kubik, mphunzitsi wa pa yunivesite, wamkulu kwa Donald ndi zaka pafupifupi 20, adalowa m'gululo ngati woimba wamba, akuliza clarinet ndi kulandira malangizo kwa mnyamata amene iye adamupeza pamsewu. Mudalinso Moya Aliya Malamusi wa m'mudzi womwewo, amene adayamba kuimba nawo akadali wamng'ono ndipo pambuyo pake adadzakhala katswiri wofufuza za chikhalidwe. Gululi lidayenda m'maiko oposa 30, mu Africa, ku Ulaya ndi ku America, likuimba m'mayunivesite, m'nyumba za chikhalidwe ndi pa zikondwerero za nyimbo. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.

Maulendowa sadali oimba pokha. Donald adaphunzira ntchito yofufuza: kujambula oimba a m'midzi, kulemba maina awo ndi malo, kufunsa tanthauzo la nyimbo. M'chaka cha 1987 Yunivesite ya Malawi ku Zomba idasindikiza buku lofotokoza za nyimbo za m'dziko muno, lotchedwa Malawian Music: A Framework for Analysis. Pachikuto pake, pamodzi ndi dzina la Kubik, pali maina a Moya Aliya Malamusi, Lidiya Malamusi ndi Donald Kachamba. Munthu amene m'chaka cha 1967 adali wofufuzidwa, patatha zaka 20 adali mmodzi mwa ofufuza. Chaka chomwecho chidalinso chachisoni pabanjapo. Pa 25 July 1987 Daniel adamwalira ali ndi zaka 40. Donald adataya mkulu wake amene adamutsogolera kuyambira ku Halale, ndipo udindo wosunga dzina la Kachamba udatsala pa mapewa ake.

Komabe tisabise mawu: kwawo kuno Donald sadadziwike monga adadziwikira kunja. Zifukwa zake zilipo zingapo ndipo si zonse zili zochititsa manyazi. Kwa zaka zambiri dziko lino lidalibe makampani olimba ojambula ndi kugulitsa nyimbo, mwakuti woimba ankadalira wailesi imodzi yokha ya MBC, imene idakhazikitsidwa m'chaka cha 1964. Wailesi ya kanema idadzayamba m'chaka cha 1999, ndipo luso la Donald lidali lofunika kuliona ndi maso. Lamulo loteteza eni nyimbo lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1989, bungwe la COSOMA n'kuyamba ntchito m'chaka cha 1992, Daniel ali kale m'manda. Kuwonjezera apo makutu a anthu adasintha. Kudabwera rumba ya ku Zaire, kudabwera reggae, ndipo m'zaka za m'ma 1990 makaseti a ku Balaka, a Paul Banda ndi Lucius Banda, adadzaza misika ndi maminibasi. Achinyamata ankati tsabola wakale sawawa. Daniel adapulumuka m'chikumbumtima cha anthu chifukwa nyimbo zake zidali ndi mawu oti munthu n'kuwaloweza ndi kuwabwereza ku dimba. Chitoliro chilibe mawu oloweza.

Alipo amene anganene kuti mlendo uja ndiye adamutenga Donald m'manja mwathu, n'kumusandutsa woimbira Azungu. Maganizo amenewa sitingawataye kunja osawaona, makamaka tikakumbukira zimene zidawachitikira eni ake a Tom Hark. N'zoona kuti matepi, makanema ndi zimbale zambiri za a Kachamba zidasungidwa ndi kusindikizidwa ku Ulaya, ndi kuti kwa zaka zambiri kudali kosavuta kumva chitoliro cha Donald ku Vienna kusiyana ndi ku Mzuzu. Koma mlandu uwu ukaunikidwa bwino, ine ndiona kuti sugwera mlendoyo. Iye adalemba maina a oimbawo, adaimba pansi pa utsogoleri wawo, adabwerera ku Singano chaka ndi chaka, ndipo anyamata a m'mudzimo adaphunzira kugwira okha makina ndi cholembera. Akuluakulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Funso lovuta n'lakuti kalumo kathu kadali kuti. M'chaka cha 1967 mu Blantyre mudali anthu ophunzira, mudali makina ojambulira, mudali maofesi a boma. Onsewa ankawadutsa anyamata aja tsiku ndi tsiku.

Chimene chimandigwira mtima pa moyo wa munthuyu n'chakuti, atayenda maiko onsewo, sadakhale mtchona. Akadatha kutsalira ku Ulaya monga adachitira oimba ambiri a mu Africa. Iye ankapita ndi kubwerera ku Chileka, kumene adali ndi malo akeake ojambulirako nyimbo, ndipo ankaphunzitsa ana a m'mudzimo chitoliro, gitala ndi babatoni monga momwe iye adaphunzirira, pomvera ndi poyesa. Gulu lake lidali la pachibale ndi pachinansi, ndipo linkadzibala lokha: wamkulu akachoka, mwana amene ankagwira maseche ankasunthira ku besi, wa besi n'kusunthira ku gitala. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 a Malamusi adakhazikitsa m'dera lomwelo bungwe lofufuza ndi kusunga nthano, nyimbo ndi zipangizo zamakolo, lotchedwa Oral Literature Research Programme. Kotero mudzi umene udatulutsa anyamata oimba m'misewu udasanduka malo amene ophunzira a kunja ankabwera kudzafunsa nzeru.

Zaka zake zomaliza zidali zaulemu. M'chaka cha 1994 kampani ya Le Chant du Monde ya ku France idatulutsa chimbale cha gulu lake chotchedwa Concert Kwela. Chakumapeto kwa chaka cha 1999 adaitanidwa ku yunivesite ya UCLA mumzinda wa Los Angeles ku America, kukakhala mphunzitsi wa nyimbo kwa kanthawi. Taganizirani ulendo umene nyimboyi idayenda. Idachoka ku America pa kanema, anyamata a ku Johannesburg adaitsanzira pa kachitoliro, idakwera sitima kupita ku Salisbury, idafika ku Chileka m'makutu a ana awiri, ndipo patatha zaka pafupifupi 50 mmodzi mwa ana aja adaibwezera ku America, akuphunzitsa ophunzira a pa yunivesite kupendeketsa mutu ndi kulowetsa chitoliro kutsaya. Nyimbo zimene adaimba ndi ophunzirawo zidajambulidwa, ndipo yunivesiteyo idazitulutsa pa chimbale.

Atabwerako sadakhalitse. Donald Kachamba adamwalira mu January 2001 asanakwanitse zaka 50. Anzake sadalole kuti gulu lithe. Adalitcha Donald Kachamba's Kwela Heritage Jazz Band, ndipo Sinosi Mlendo, mmodzi mwa achinyamata amene adakulira m'maimbidwe a ku Singano, adatenga malo a patsogolo, Kubik ndi Malamusi ali pambali pake. M'zaka za m'ma 2000 gululi lidakaimbanso ku Ulaya.